Tisabise Chotupa cha Mwana

Amayi anzathu, pa tsiku lino la chikondwerero tapempha kanthawi kuti tikambe za nthenda imene imabisala pamalo pochititsa manyazi kutchula. Madokotala amaitcha rhabdomyosarcoma. Ndi khansa yosapezekapezeka, ndipo tizigawo take timafanana ndi minofu imene isanakhwime. Imakonda ana aang'ono, makamaka osakwana zaka 10.

Chotupachi chimatha kumera m'chikhodzodzo, kapena pafupi ndi tchende la mnyamata, kapena m'njira ya chiberekero ya kamtsikana. Mwana amavutika pokodza, mwina amakodza magazi. Kwa mnyamata, mbali imodzi imatupa koma osapweteka. Kwa kamtsikana kumatuluka magazi, kapena kanyama konga phava la mphesa. Ife amayi ndife timasambitsa ana, tsono ndife oyamba kuona zimenezi.

Vuto lathu nali. Kuno kwathu magazi mumkodzo timangoti ndi likodzo, ndipo nthawi zambiri ndi likodzodi. Koma mwana akamwa mankhwala a likodzo magazi osaleka, tibwerere naye kuchipatala, tisadikire.

Nanga kumeneko amazindikira bwanji? Poyamba amayeza mkodzo, kenaka amaunika m'mimba ndi makina a sikani kuti aone kukula kwa chotupa ndi pamene chakhala. Nthawi zina amalowetsa kachubu kounikira m'chikhodzodzo mwana atamgoneka tulo. Koma chithunzi chokha sichikwanira, pakuti zilipo zotupa zina zooneka ngati minofu zimene si zoopsa chomwecho. Chifukwa chake amadulako kanyama kakang'ono ndi kukapima pa maikulosikopu. Amakathira mankhwala osonyeza ngati muli zinthu zotchedwa desmin ndi myogenin. Myogenin ikapezeka, imathandiza kutsimikiza dzina la nthendayo. Ntchito imeneyi imatenga masiku, choncho tisamukwiyire dokotala akatiuza kuti tidikire zotsatira.

Kuyambira mu 1972 madokotala a ku America anagwirizana kufufuza nthendayi pamodzi, ndipo anaona kuti mankhwala a khansa, opaleshoni ndi kuotcha ndi cheza, zikaphatikizidwa, zimachiritsa ana ambiri ngati chotupa chisanafalikire. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi chigawo chothandiza ana odwala khansa.

Tsono amayi, tikaona chachilendo pa thupi la mwana tisathamangire kuloza mnansi chala, ndiponso tisabise poopa kunenedwa. Mnzathu akasowa ndalama ya basi, timsonkhere. Akachita mantha, timperekeze. Miyezi imene timataya pochita manyazi ndiyo imene chotupa chimakula.