Mafuta a M'chakudya ndi Mankhwala Amene Timamwa

Ine ntchito yanga ndi yopereka mankhwala pa zenera la kuchipatala, ndipo lero ndifuna ndikambepo za mau amene odwala ambiri samawasamala tikawauza, akuti, "Mumwe mutadya," kapena "Mumwe musanadye."

Chaka chatha mwana wa mlongo wanga anadwala malungo. Anampatsa LA, namaliza mibulu yonse, koma patapita masabata atatu thupi linatenthanso. Nditafunsa mlongo wangayo, anati mwanayo ankakana kudya, tsono ankangommwetsa ndi madzi. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimabweza malungo, ndipo ndinachita manyazi kuti ine mwini, wodziwa, sindinawafotokozere.

Piritsi likamezedwa liyenera kuyamba lasungunuka kuti lilowe m'magazi, ndipo ambiri amalowera m'matumbo, atachoka m'chifu. Mankhwala ena sasungunuka m'madzi koma m'mafuta. Tikadya chakudya cha mafuta, pachitika zinthu ziwiri. Choyamba, chifu chimachedwa kutsitsa chakudya, kotero piritsi limapeza nthawi yosungunuka. Chachiwiri, ndulu imathira madzi ake m'matumbo, ndipo madziwo amaphwanya mafuta monga momwe sopo amachitira m'mbale yanona. Mankhwala aja amasungunukira momwemo nalowa m'magazi.

Muno m'Malawi tinasiya chloroquine mu 1993, tinasiyanso SP mu 2007 ndi kuyamba LA. Mu LA muli mankhwala awiri. Artemether amapha tizilombo msanga koma sakhalitsa m'thupi. Lumefantrine ndiye amatsala masiku angapo kumalizitsa tizilombo totsala, ndipo iyeyu ndi amene amalira mafuta. Akamwedwa m'mimba mopanda kanthu amalowa pang'ono chabe. Wodwala amamva bwino chifukwa cha artemether, koma tizilombo tina timapulumuka ndi kudzaswananso.

Mafuta ofunikawo si ambiri ai. Kapu ya mkaka ikwanira, kapena phala la nsinjiro, chiponde, peyala, ngakhale ndiwo zothira mafuta. Khanda bere la amake likwanira. Tichite chomwecho pa maulendo onse 6 a masiku atatu aja. Wodwala akakaniratu kudya, mankhwala amwe ndithu pa nthawi yake, kenaka muzimnyengerera kuti alawe kanthu.

Griseofulvin, amene timapatsa ana a zipere za m'mutu, nayenso amalowa bwino ndi chakudya cha mafuta. Praziquantel wa likodzo amafunanso kuti munthu adye, nchifukwa chake ana a sukulu amauzidwa kuti abwere atadya tsiku lolandira mankhwalawa.

Koma musachoke pano ndi maganizo akuti mafuta amathandiza mankhwala onse. Efavirenz, amene anthu ambiri a ma ARV ankamwa dziko lathu lisanayambe dolutegravir mu 2019, amalowa mopitirira muyeso akakumana ndi mafuta, ndipo chizungulire ndi maloto oipa zimakula. Nchifukwa chake odwala ankauzidwa kumwa pogona, osati pa chakudya chonona. Rifampicin wa chifuwa chachikulu amalowa bwino m'mimba mopanda kanthu. Panado amene amachedwa kugwira ntchito ngati mwakhuta, pakuti amadikira m'chifu pamodzi ndi nsima. Mkaka umene ndautama pa LA umasokoneza tetracycline ndi ciprofloxacin, koma apo cholakwa ndi calcium wa mu mkakamo amene amagwira mankhwalawo kuti asalowe.

Anzanga, ambiri a ife tsopano ndife makolo, ena agogo, ndipo kumudzi amatiyesa ophunzira. Wina akadwala, pepala la kuchipatala amabweretsa kwa ife. Pempho langa nlakuti musanachoke pa zenera lathu mufunse mafunso atatu: ndimwe nthawi yanji, ndimwe nditadya kapena ai, ndipo ndipewe chakudya chanji? Mzere ukhale wautali bwanji, funsani, pakuti safunsa anadya phula.

Mwana uja anachira atalandiranso chithandizo, ndipo ulendo uwu amake ankayamba amphikira phala la nsinjiro.