Mankhwala a M'munda Sathera M'munda



Lero tikambirane za matenda amene madotolo amawatcha motor neuron disease, kapena ALS. Amene anayamba kuwalongosola bwino ndi dotolo wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, m'chaka cha 1869. M'thupi mwathu muli mitsempha yochokera ku ubongo ndi kumsana, imene imalamula minofu kuti dzanja ligwire, mwendo uyende, lilime lilankhule. Pa matendawa mitsempha imeneyi imafa pang'onopang'ono. Munthu amayamba kugwetsa khasu ndi kupunthwa panjira posalala. Kenaka lilime limalemera, nsima imakanika kumeza, ndipo potsiriza kupuma kumavuta. Kawirikawiri nzeru zake zimakhala zili bwinobwino, akuona zonse zomugwera. Ambiri amamwalira pakati pa zaka 2 ndi 5 matenda atadziwika, ndipo mankhwala ochiza sanapezeke.

Mwa odwala 10, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amatengera matendawa kumtundu. Nanga ena 9 aja? Pofunafuna yankho, akatswiri a pa University of Michigan ku America anayeza odwala 156 ndi anthu ena 128 opanda matendawa. M'chaka cha 2016 analengeza kuti matendawa anapezeka kwambiri mwa anthu amene anakhudzanapo ndi mankhwala ophera tizilombo, ndiponso mwa amene magazi awo anali ndi mankhwala ena a gulu limodzi ndi DDT. Mankhwala a gulu limeneli sawola msanga: amakhala m'nthaka ndi m'madzi, nabisala m'mafuta a m'thupi zaka zambirimbiri. N'chifukwa chake maiko anapangana ku Stockholm m'chaka cha 2001 kuti awathetse kapena kuwachepetsa.

Akatswiriwo sakunena kuti aliyense wopopera mankhwala adzadwala, iai. Matendawa ndi osowa. Akunena kuti ngozi imakula pamene thupi lalandira poizoni kwa nthawi yaitali. Tsono ife amene timapopera thonje, fodya ndi tomato, ndi kuthira mankhwala m'chimanga poopa anankafumbwe, mawu amenewa ndi athu. Papa Francis yemwe, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anatchula mankhwala a m'munda pakati pa zinthu zoipitsa nthaka, madzi ndi moyo wa anthu osauka.

Sitikunena kuti tisiye mbewu zidyedwe ndi mbozi. Koma popopera tivale zophimba thupi lonse, pakamwa ndi mphuno, ndipo tisayang'anane ndi mphepo. Tisasakanize mankhwala ndi dzanja, tisatsuke mpope kumtsinje kapena pachitsime. Botolo lotha lisasanduke chosungira mchere kapena mafuta ophikira. Ana ndi amayi apakati asagwire ntchito imeneyi. Mankhwala opanda chizindikiro, ogulitsidwa m'timabotolo pamsika, tiwakane. Inu olemba aganyu, kutuma mnzanu kukapopera ali chifuwa pamtunda chifukwa ali ndi njala, n'kudyera pa umphawi wake.

Inu akatekisiti, nkhaniyi muikambe m'miphakati. Ndipo wina akayamba kufooka manja ndi miyendo, tisathamangire kuloza chala agogo kuti amulodza. Timutengere kuchipatala, timudyetse mofatsa, tizilankhula naye pakuti akumva zonse.

Mulungu adalitse minda yathu ndi manja oilima. Amen.