Mau kwa Am'mudzi ndi Aphunzitsi: Za Amayi Amene Akusiya Kusamba

Nkhani ya mwezi uno ikunena za amayi amene afika pa msinkhu wosiya kusamba, ndiko kuti kuleka kupita kumwezi. Anthu sakamba zimenezi poyera, ndipo chifukwa cha ichi amayi ambiri amasauka okha mumtima, ena mpaka kutaya nkhuku ndi ndalama kwa woombeza ula poyesa kuti alodzedwa.

Kawirikawiri zimenezi zimadza mayi akakhala ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. M'thupi la mkazi muli timatumba tiwiri ta mazira, ndipo timeneti timapanga mankhwala achibadwa otchedwa estrogen. Zaka zikamapita mankhwalawa amachepa, tsono msambo umayamba kudumpha: mwezi uno wabwera, miyezi iwiri zii, kenaka wabweranso. Madokotala amati mayi wasiyadi pamene papita miyezi 12 yathunthu osaona kanthu. Miyeziyi isanakwane iye angathe kutenga pakati, choncho asafulumire kusiya kulera osafunsa anamwino.

Chimene chimaopsa ambiri ndi kutentha kwadzidzidzi. Mayi ali khale pamkeka, angomva moto wayamba pachifuwa nukwera kukhosi ndi kumaso, thukuta kamukamu, ndipo patapita mphindi zochepa zonse zatha. Usiku zimamdzutsa kawiri kapena katatu, nsalu itanyowa. Kwa ena zimatha msanga, koma kwa ena zimakhala zaka zingapo.

Tsono munthu amene sanagone bwino, tambala akalira ndiye woyamba kudzuka. Atunge madzi, apite kumunda, pobwera asenze nkhuni, aphike nsima, asambitse adzukulu. Madzulo akayankha mokalipa, bambo amati, "Mkazi uyu wayamba mwano." Si mwano ayi, ndi kutopa. Bambo wanzeru amauza ana ndi adzukulu kuti agawane ntchito ya madzi ndi nkhuni, ndipo iye mwini sachita manyazi kunyamula nkhuni panjinga. Mayi akagona pang'ono pamthunzi dzuwa lili paliwombo, asatchedwe waulesi. Bambo yemweyo akapumula nthawi yomweyo palibe amamnena.

Kuti tulo tibwere, mayi afunde nsalu yopepuka, aike madzi akumwa pafupi ndi mphasa, ndipo madzulo apewe tiyi wambiri, tsabola ndi mowa, pakuti kwa ambiri izi zimautsa kutenthako. Estrogen akachepa mafupa amafooka, ndiye usipa ndi matemba, zimene zimadyedwa ndi minga yomwe, ndi ndiwo zabwino kwa iye, pamodzi ndi bonongwe ndi nkhwani. Pali mau akuti mayi wotere akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake amatupa mimba. Mau amenewa ndi onama, ndipo aziziritsa mabanja ambiri popanda chifukwa.

Amayi ena amadandaula kuti ayamba kuiwalaiwala. Nzeru sizinathe, kawirikawiri vuto ndi kusowa tulo ndi kuchuluka kwa maganizo. Apa ndi pamene aphunzitsi angathandize. Ana akula, kumsana kulibe khanda, ndipo mayi amene sanapite kusukulu pa ubwana wake angathe kulowa sukulu ya kwacha. Kumeneko amaphunzira kulemba dzina lake ndi kuwerenga tsiku limene anamwino alemba m'buku lake la kuchipatala, ndiponso amakhala pansi ndi anzake a msinkhu wake. Akamva mnzake akuti, "Inenso usiku sindigona," mtima umakhala pansi.

Koma si zonse zimene zili za msinkhu. Thukuta la usiku likadza pamodzi ndi chifuwa chopitirira masabata awiri ndi kuwonda, mayi akayezetse chifuwa chachikulu. Choopsa koposa ndi magazi obweranso miyezi 12 ija itapita, ngakhale madontho ochepa, kapena magazi otuluka atakhala malo amodzi ndi bambo. Umenewo si msambo wobwerera. Khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri m'Malawi, ndipo ndi chifukwa chake m'chaka cha 2019 Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Amayi aakulu sanalandire katemerayo, choncho chitetezo chawo ndi kuyezetsa. Kuyezako kumatenga mphindi zochepa, ndipo m'zipatala za Boma salipiritsa. Mayi woona magazi otere asadikire kuti akolole kaye. Bambo amperekeze sabata lomwelo.