Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Masika ku Parishi ya Yosefe Woyera, Kasungu

 Otsogolera mwambo, mwandiyamikira kwambiri pondiitana, mpaka ndinacheuka kuti ndione ngati pali wina amene mukumunena.

Bambo Mfumu a parishi ino ya Yosefe Woyera pamodzi ndi ansembe anzanu a chipani cha Jesuit, ansembe amene mwachokera m'maparishi oyandikana nafe, asisteri ndi abulazala, akatekisti athu, amene mumapalasa njinga kukafika kumene galimoto ya abambo siifika nthawi ya dzinja, wapampando wa khonsolo ya parishi ndi komiti yanu, atsogoleri a miphakati yonse, Amayi Achikatolika, amene mwatchena lero ngati kuli ukwati, Abambo Achikatolika, Alejio, a Vinsenti wa Paulo, achinyamata, ana a Tilitonse, otumikira pa guwa ndi makwaya onse. Agogo Chalo ndi mafumu a m'madera a Kaomba, Mwase ndi Lukwa, Bwanamkubwa wa boma la Kasungu, a Meya ndi makhansala, olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo, akuluakulu a polisi, a zaumoyo ndi a zamaphunziro, abusa a CCAP, a Anglican ndi a mipingo ina, mashehe athu, atolankhani. Ndisaiwale amayi amene ali kumoto kuseri kwa tchalitchiku, utsi uli m'maso. Iwo mawu angawa sakuwamva, koma tonsefe tiwakumbuka dzuwa likafika pamutu. Ngati ndalumpha wina, si mwano ayi, mundikhululukire. Bambo Mfumu, moni wathu mukatiperekerenso ku Maula, kwa Ambuye Arkiepiskopi George Desmond Tambala.

Mulungu ndi wabwino! Ah, kumbuyo uko simunamwe phala? Mulungu ndi wabwino! Eya, tsopano ndamva kuti ndili ku Kasungu.

Poyamba ndithokoze chifukwa cha zimene maso anga akuona patsogolo pano: matumba a chimanga, mtedza, soya, nyemba, nkhuku, ndi mbuzi ija imene yakhala ikupikisana ndi kwaya kuyambira pa Misa. Zonsezi zachoka m'nyumba zimene sizinasefukire. Feteleza wakwera, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mpaka lero sitinapume, chilala cha 2024 chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo abale athu a m'malire mwa paki amagona kumunda kulondera njovu. Komabe mwasenza mwabwera nazo. Dziombereni m'manja.

Achikulire amene muli pano mukukumbuka njala ya 2002. Kasungu inali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri m'dziko muno. Anthu anadya mizu ya nthochi ndi deya, ena anagwa m'njira akupita kukasaka chakudya, mbale ndi malata zinagulitsidwa pa mtengo wa bonya. Anthu a kuno amene anaona zimenezo safunika kuphunzitsidwa kufunika kwa nkhokwe ya parishi. Chokhacho ndipemphe a komiti: chimangachi musachigulitse chonse mwezi uno pamene mavenda akugula motchipa. Thirani mankhwala, sokani matumba, china chidikire Januwale ndi Febuluwale, pamene agogo olera ana amasiye adzayambe kugogoda pa khomo la abambo.

Tchalitchi chathu m'dziko muno chinayamba ndi alendo: ansembe a Montfort ku Nzama mu 1901, Azungu Oyera aja a White Fathers ku Mua mu 1902. Kwa zaka zambiri tinkadziwa kuti sukulu, chipatala ngakhale kaunjika zimachokera kwa bambo wa ndevu zazitali. Amene anatitembenuza maganizo ndi mwana wa ku Mua komweko, Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anakhazika dayosizi yonse pansi, kukambirana kuti mpingo ukhale wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa wokha. Miphakati imene tikuinyadirayi inabadwa pamenepo. Akuluakulu a nthawi imeneyo anaikayikira, anaganiza kuti anthu akamakumana pansi pa mango m'timagulu ndiye kuti ayamba ndale, ndipo mu 1976 episkopiyo anachoka m'dziko muno. Ndikudziwa kuti ndaima kwao kwa Ngwazi, phiri la Kasungu likundimva, choncho ndingonena kuti inali nyengo ina. Koma miphakati sinafe. Lero munthu akadwala, woyamba kufika ndi wa mphakati. Maliro akagwa, nkhuni, ufa ndi nyimbo za usiku wonse ndi za mphakati. Mkangano wa m'banja umathera kumeneko usanafike kwa a nyakwawa.

Ansembe athu a Jesuit nawonso sanangokhala pa guwa. Mu 2015 anatsegula sukulu ya sekondale ya Loyola kuno ku Kasungu, yogonera konko, ya anyamata ndi atsikana, mogwirizana ndi boma. Akanatha kuimanga ku Lilongwe kumene kuli makolo a matumba olemera. Anasankha kuno. Boma nalo tilithokoze potumiza aphunzitsi ndi kuwalipira.

Tsopano akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwandiitana nokha, ndiye mundilole ndimete pang'ono.

Ine ndine mlimi wa fodya. Ana anga anaphunzira ndi ndalama ya mabelo, nyumba yanga inafoleredwa ndi fodya, ndipo envelopu zambiri zimene ziperekedwe lero fungo lake ndi la ku Chinkhoma. Sindinabwere kudzanyoza mbewu imene imabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja m'dziko muno. Funso langa ndi limodzi: amene anathirira nazale mu Okutobala, nawokera mvula yoyamba, nathyola, nasoka, napachika m'chigafa, nasankha mpaka maso kuwawa, nadinda belo pa jeke, lero ali kuti? Ali m'tchalitchi muno? Analandira zake?

Tonse tikudziwa m'mene utenanti wakhala ukuyendera. Lole imapita ku Mulanje, ku Phalombe, ku Machinga kapena ku Mangochi, n'kubwera ndi banja lonse. Bwana amawapatsa chisakasa, ndowa ya chimanga, mchere, nthawi zina ka usipa, zonse zikulembedwa m'kope. Mwana akadwala, ya mankhwala imalowa m'kope momwemo. Fodya akauma, bwana yemweyo ndiye amaika mtengo wa pa kilogalamu, ndiye amayeza, ndiye amachotsera. Kopelo limakhala kwa bwana. Pofika Ogasiti munthu amene wagwira ntchito chaka chathunthu amauzidwa kuti watsala ndi ngongole, kapena amalandira yongokwanira basi yobwerera kwao. Ena amauzidwa kuti ndalama sizinatuluke ku okushoni, pamene bwanayo njinga yamoto yatsopano yafika kale pakhomo. Musayang'ane mnzanu, yang'anani kuno kwa ine.

Bungwe la Centre for Social Concern la ku Kanengo, lomwe ndi la ansembe a White Fathers, linakhala zaka zambiri likufufuza ndi kulira za nkhani imeneyi. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake ponena kuti muli thukuta la ana ndi la anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Manyazi amenewo anali athu tonse. Ndiye pano ndiyamikire boma ndi Nyumba ya Malamulo: mu 2021 anasintha lamulo la zolembana ntchito ndi kuthetsa utenanti. Wogwira ntchito m'munda mwako tsopano ndi wantchito, ayenera kulandira malipiro. Olemekezeka aphungu, pamenepo munagwira ntchito. Koma a Bwanamkubwa, alangizi a zantchito ndi ochepa, ndipo minda ya kuno ndi yotalikirana. Lamulo lili ku Lilongwe, chigafa chili kuseri kwa dambo. Ambiri angosintha dzina, kope lija likadali lomwelo.

Apa ndi pamene ndikuona kuti mphakati ungachite zimene boma silingathe. Wa ku ofesi ya zantchito amafika kamodzi, ngati wafika. Inu mumadziwa khomo lililonse. Mumadziwa kuti kwa auje kwabwera banja la Chilomwe, mayi ali ndi pathupi, ana atatu sakupita ku sukulu. Ambiri mwa anthu amenewa ndi Akatolika anzathu, obatizidwa bwinobwino kwao, koma amatha chaka chonse osalandira Ukaristia chifukwa Lamulungu ndi tsiku lothyola, komanso alibe chovala choti n'kukhala nacho pa benchi limodzi ndi bwana. Ena ndi Asilamu, ena ndi a mipingo ina, njala yawo ndi yomweyo. Kodi m'kaundula wa mphakati wanu alimo? Akamwalira timathamanga kukafunsa mfumu malo a manda a mlendo. Bwanji osathamanga akadali moyo?

Ndipo nkhaniyi si yachilendo mu mpingo wathu. Mtumwi Yakobo pa mutu 5 wa kalata yake sakukalipira mbava za mumsewu, akukalipira eni minda amene akusunga malipiro a okolola. Papa Leo XIII analemba kalata yonse yonena za antchito ndi malipiro oyenera mu 1891, ndipo Papa wathu watsopano, wosankhidwa pa 8 Meyi 2025, anatenga dzina la Leo pokumbukira ntchito imeneyo. M'kalata ija ya aepiskopi athu imene inawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 Malichi 1992, anthu amangokumbukira za ndale, koma munalinso za malipiro ochepa ndi mitengo yopondereza alimi. Ngakhale nkhoswe ya parishi ino ndi mmisiri wa matabwa, munthu wa zikhatho zokhakhala, amene timamukumbukira pa 1 Meyi pamodzi ndi antchito onse. Ndiye tisamuchititse manyazi Yosefe pakhomo pake pomwe. Mkhristu amene wapereka mbuzi pano koma wantchito wake wapita kwao ndi thumba lopanda kanthu, mbuziyo wapereka ya mwini.

Amayi mwaomba m'manja kwambiri. Dikirani, ndikubwera kwa inu.

Nkhani ya ana. Fodya wonyowa ndi mame amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu. Mwana akabwera kumunda akusanza, mutu ukuwawa, akuchita chizungulire, timati ndi malungo kapena wina wamulodza. Kafukufuku amene bungwe la Plan linatulutsa mu 2009, atacheza ndi ana a kuno ku Kasungu, ku Lilongwe ndi ku Mzimba, anapeza kuti pa tsiku la chinyezi mwana angathe kulowetsa chikonga chofanana ndi ndudu 50. Mwana wanu mutamupeza ndi ndudu imodzi kuseri kwa bafa mungamuthyolere mkwapulo, koma m'mawa mumamudzutsa nokha kuti akathyole. Lamulo likuletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito zoopsa ngati kupopera mankhwala ndi zoletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Aphunzitsi ali pano angachitire umboni m'mene makalasi amaphwera kuyambira Januwale mpaka Malichi. Kuthandiza makolo ndi mwambo wathu, palibe akukana. Atunge madzi, asese pabwalo, adyetse mbuzi akaweruka. Koma nthawi ya sukulu ndi ya sukulu, kwa mwana wanu ndi kwa mwana wa wantchito wanu yemwe. Amayi, ndinu amene mumadziwa amene wadzuka ndi amene wavala yunifolomu. A Tilitonse, muziwerenga ana anu Lamulungu lililonse, wosowayo mukamufunefune.

Za mitengo ndingodutsapo, poti dzuwa lakwera. Achikulire akudziwa misuku ndi mitondo imene inali m'zigwa zino, yathera m'zigafa ndi m'mabani. Papa Francis anatilembera za kusamalira chilengedwe mu 2015. Mphakati uliwonse ukhale ndi nazale yake ya mitengo, ndipo amene ayamba kale zigafa zamoyo aphunzitse anzawo.

Bambo Mfumu, sindikulamula, ine ndine nkhosa chabe, koma ndikupempha. Nyengo yolemba antchito ikamayandikira, a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere akhale mboni pamene bwana ndi wantchito akugwirizana, ndipo pepala likhale pawiri, lina kwa bwana lina kwa wantchito. Palibe mtengo wake, cholembera ndi pepala basi. A Vinsenti wa Paulo, pa mndandanda wa olandira chimangachi muikepo mabanja a m'zisakasa za kuminda, musafunse kalata ya ubatizo. Ndipo abale anga alimi, ndikudziwa kuti nafenso timalira: mabelo amabwezedwa, mtengo umagwa, kampani imadula ngongole ya feteleza tisanaone ndi tambala yomwe. Zimenezo tikamenyere ku makalabu athu ndi ku Tobacco Commission, aphungu atithandize. Tisamakabwezere pa munthu wopanda nsapato.

Achinyamata, mwakhala chete ngati simulipo. Ndalama ya fodya ikafika, tauni ya Kasungu imasanduka Johannesburg kwa milungu ingapo, mabala amadzaza, ena amaiwala njira ya kwao mpaka thumba litaphwa. Muuzeni bambo anu kuti ya fizi ichotsedwe tsiku loyamba.

Tsopano tifike pa chimene mwandiitanira, chifukwa ndaona msungichuma akundiyang'ana mwachidwi. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malonjezo a chaka chatha ena akadali pachala, a komiti andinong'oneza, koma maina sinditchula. Ine sindilonjeza. Matumba khumi a chimanga ali m'galimoto panjapo, anyamata akatsitse pompano, ndipo envelopu iyi ndi ya fizi ya ana awiri a antchito a kuminda amene khonsolo ya parishi isankhe yokha. A kwaya, konzani ng'oma. Tiyambe ndi mafumu, kenako aphungu, ndipo olemekezeka musathawire ku foni. Miphakati idzabwera umodziumodzi monga mwa mndandanda wa otsogolera mwambo.

Mwambo wa chopereka cha masika ndautsegulira.