Foni Iyesedwe Padzuwa: Mau Oyankhulidwa pa Msonkhano Wathu Wapachaka



Ndikuthokoza komiti pondipatsa mwayi uwu. Nditalandira kalata yondipempha kuti ndidzayankhule za ntchito yanga, ndinafuna kudzakamba zimene zinandiyendera bwino. Koma ndaona kuti chimene chingakuthandizeni kwambiri ndi cholakwa chimene ndinachita.

Monga ena mukudziwa, ndimagwira ntchito m'boma, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuvomereza mapulogalamu a pafoni amene antchito athu a kumidzi amalembera anthu. Ntchito zambiri zimene kale zinkachitika papepala zinasamukira pafoni. Kalembera wa mu 2018, amene anapeza kuti m'Malawi tinalimo anthu oposa 17.5 miliyoni, anachitika ndi matabuleti. Anthu ogwira ntchito zoterezi ofesi yao ndi yapanja: pansi pa mtengo, pabwalo la mfumu, m'mphepete mwa munda.

Chaka china anatibweretsera pulogalamu yolembera mabanja. Tinaiyesa mu ofesi ku likulu, makatani ali otseka, intaneti ikuyenda bwino. Zonse zinali myaa, ndipo ndinasayina. Patapita milungu ingapo, malipoti anaonetsa kuti mlangizi wina wa ku chigwa cha Shire ankalemba mabanja ochepa kuposa anzake. Ndinalemba kalata yomuchenjeza za ulesi. Mwamwayi, bwana wanga anati ndiyambe ndapita kukaona ndisanaitumize.

Ndinafika kumeneko mu Okutobala. Ndinapeza mzere wa amayi, ena ana ali kumbuyo, ndipo kutsogolo kunali bambo wamkulu kuposa ine, atadziphimba mutu ndi chitenje pamodzi ndi foni ngati ojambula zithunzi akale aja. Zilembo zotuwa zimene zinkatikongolera mu ofesi sizinkaoneka padzuwa. Zala zao zinali thukuta lokhalokha, ndipo batani losunga linali loyandikana ndi batani lofufuta. Dzuwa litafika paliwombo foni inatentha, galasi linachita mdima, kenaka inazima. Netiweki ikadukiza, fomu inkayambiranso pachiyambi, ndipo mayi ankafunsidwa kachiwiri maina a ana ake onse. Dzuwa litalowa, agogo ena amene anafika m'mamawa anabwerera kwao osalembedwa.

Ndinawafunsa bambowo kuti, "Nanga bwanji simunanene?" Iwo anati, "Bwana, munatifunsa kumaphunziro kuja ngati zikuyenda, ndipo kumene kuja zinkayendadi." Kalata ija ndinaing'amba usiku womwewo. Akulu akale anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, koma ndinafunsira pamalo olakwika.

Nditabwerera ndinayamba kuwerenga za kayesedwe ka zinthuzi. Muyeso wa dziko lonse wotchedwa ISO 9241-11, umene unatuluka koyamba mu 1998, umafunsa zinthu zitatu. Kodi munthu wamaliza ntchito yake molondola? Kodi wataya nthawi ndi mphamvu zochuluka bwanji? Kodi wakhutira? Ndipo umatsindika kuti mayankhowa ali ndi tanthauzo pokhapokha tanena kuti munthuyo ndani, akuchita chiyani, ndipo ali pati. Funso lakuti ali pati ndi limene ine ndinaliiwala.

Kusiyana kwa mu ofesi ndi panja kumayesedwa. Kuwala kwa mu ofesi yabwino kumakhala pafupifupi 500 lux, pamene dzuwa lamasana limafika 100,000 lux. Kampani ya Apple imanena kuti iPhone inapangidwa kuti izigwira ntchito pamalo otentha osapitirira madigiri 35, koma ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40 m'nyengo imeneyi. Malangizo a Google kwa olemba mapulogalamu a Android amati batani lisachepere mamilimita pafupifupi 9, ndipo munthu woimirira, wogwira foni ndi dzanja limodzi, amafuna loposa pamenepo. Ngakhale GPS, imene poyera imaphonya ndi mamita pafupifupi 5 okha, imasokera kwambiri pansi pa mitengo yogudira, kumene mlangizi amathawirako dzuwa.

Akatswiri nawonso anatsutsanapo pa nkhaniyi. Mu 2004 Jesper Kjeldskov ndi anzake a ku yunivesite ya Aalborg ku Denmark anapeza kuti kuyesera m'chipinda kumaonetsa pafupifupi mavuto omwewo amene amaoneka kumalo a ntchito. Koma pulogalamu yao inali ya m'chipatala, pansi pa denga. Mu 2006 gulu lina la payunivesite yomweyo linapeza kuti kumalo a ntchito kumaoneka mavuto ochuluka kuposa m'chipinda. Ine ndili mbali ya gulu lachiwirili, chifukwa ndinaona ndi maso anga.

Tsono lero timatani? Timatenga antchito asanu, potsatira Jakob Nielsen amene analemba mu 2000 kuti anthu asanu amavumbula pafupifupi mavuto 85 pa 100 alionse. Sititenga achinyamata okhaokha odziwa mafoni. Timaikapo wachikulire, ndi wina wovala magalasi. Amagwiritsa ntchito mafoni omwewo a kuntchito, otsika mtengo, ena ong'aluka galasi. Timayesa m'mawa, masana ndi madzulo, pabwalo lenileni, ndi anthu enieni pamzere. Ine ndimakhala pambali ndi wotchi ndi kope, pakamwa nditatseka. Izi ndi zovuta, chifukwa mtima umafuna kumuuza munthu poti adine, koma ukangomuuza waononga muyeso. Ndimalemba mafomu amene atha molondola, mphindi zimene fomu iliyonse yatenga, kangati wadina molakwika, kangati wathawira pamthunzi. Pakati pa fomu timazimitsa dala netiweki kuti tione ngati zolembedwa zitsale. Madzulo timayang'ana batire.

Tikatha apo ndi pamene timafunsa maganizo ao. Timagwiritsa ntchito mafunso khumi amene John Brooke anakonza mu 1986, otchedwa System Usability Scale. Munthu amayankha kuyambira 1 mpaka 5, malikisi onse amakhala pakati pa 0 ndi 100, ndipo 68 amatengedwa ngati apakatikati. Koma apa pali msampha. Ife tinaleredwa mwaulemu, ndipo wantchito akafunsidwa ndi bwana wochokera ku likulu amangoti, "Zili bwino, bwana." Choncho amafunsa ndi munthu wina, m'chiyankhulo chao, popanda kulemba maina. Ndipo pakamwa pakanena zina, wotchi nkunena zina, ndimakhulupirira wotchi.

Pali muyeso winanso umene ndinauonjezera ndekha chifukwa cha agogo aja: ndi anthu angati abwerera kwao osathandizidwa? Amene amadina foni ndi mlangizi, koma amene amalipira pulogalamu ikakhala yoipa ndi munthu wa pamzere, amene wasiya khasu tsiku lonse.

Zimene tinakonza pa pulogalamu ija zinali zazing'ono: zilembo zikuluzikulu zakuda bii pamalo oyera, mabatani otalikirana, ndiponso kuti tsamba lililonse lizisungika m'foni ngakhale popanda netiweki. Mlangizi uja sanamvenso dzina la ulesi. Ndinapita kukapepesa kwa iwo, ngakhale kuti kalata ija sanaione.

Anzanga, ambiri mwa inu tsopano muli pamipando yosayina, m'boma, m'mabanki, m'mabungwe ndi m'makampani. Tsiku lina adzakubweretserani chinthu chonyezimira m'chipinda chozizira. Musanatole cholembera, funsani kuti anachiyesa ndani, anachiyesera kuti, ndipo inali nthawi yanji. Akayankha mozungulira, pemphani galimoto mupite nokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma m'maofesi athu womva m'mimbayo nthawi zambiri sapatsidwa makiyi.

Mu labotale ili kuseri kwa holo ino, aphunzitsi athu a sayansi ankatibweza tikalemba yankho limene sitinaliwerenge tokha pa chipangizo. Tinkadandaula kuti ndi ovuta. Zinanditengera zaka zoposa 20, ndi agogo obwerera kwao madzulo, kuti ndimvetse chimene ankatiphunzitsa.