MZIMU, MANKHWALA NDI MITENGO YA MAKOLO

 

Ife amene tinapuma pa nchito ya Boma tili ndi cuma cimodzi, ndico nthawi. Ena a ife amaithera pa nsolo, ena ku dimba, ena pa kuweta nkhunda. Koma tikakhala pamthunzi, nkhani imene sicoka pakamwa pathu ndiyo ya matenda, pakuti ukalamba subwera wokha. Cotero lero tipempha kuti tilankhuleko za munthu wodwala: cimene thupi lake lifuna, ndi cimene mzimu wake ufuna.

Makolo athu anali kudziwa kuti munthu sali mnofu ndi mafupa cabe. Cauta, amene timamuchanso Namalenga kapena Mphambe, anaika mwa munthu mzimu umene suwola m'manda. Munthu akatsikira kuli cete, mzimu wake sucoka pamudzi tsiku lomwelo. Ndico cifukwa pamakhala kumeta, ndipo patapita miyezi amaphika mowa wa bona, Gule Wamkulu nabvina, kuti mzimuwo uperekezedwe bwino kwa anzake. Mzimu wosaperekezedwa umasanduka ciwanda cosautsa anthu. Koma mizimu yokhazikika imayang'anira mbumba, imalankhula m'maloto, ndipo imalandira nsembe ya ufa kapena ya mowa pa kacisi kapena patsinde pa mtengo wa msolo.

Cifukwa ca ici, matenda akalowa m'nyumba mafunso anali awiri: kodi m'thupi mwalowa ciani, ndipo pamudzi palakwika ciani? Sing'anga anali kukumba muzu, pamene mwini mbumba anali kusonkhanitsa abale kuti amene anali ndi mangawa alankhule ndi kukhululukirana. Wodwala sanali kugona yekha. Panali womuphikira phala, womukoleza moto ndi womumvera madandaulo ake.

Masiku ano kwabwera njira zina za kuciritsa zocokera kutali, ndipo ana athu amazipeza pa intaneti. Imodzi mwa izo ndi homeopathy, imene ndi yofala ku India, ku Ulaya ndi ku South Africa. Anaiyambitsa ndi dotolo wa ku Germany, Samuel Hahnemann, amene anabadwa mu 1755 namwalira mu 1843. Mu 1790 iye anamwa khungwa la mtengo wa cinchona, umene umaciritsa malungo, ndipo anamva m'thupi ngati malungo amugwira. Pamenepo anaganiza kuti cimene cibweretsa zizindikiro za matenda mwa munthu wamoyo ndico cingaciritse wodwala matendawo. Ciphunzitsoci anacilengeza mu 1796, ndipo mu 1810 anatulutsa buku lake lalikulu, Organon.

Kapangidwe ka mankhwalawo ndi kotere: amatenga dontho limodzi la mankhwala nalisakaniza ndi madontho 99 a madzi kapena a mowa waukali, nakhucumula. M'menemo amatengamonso dontho limodzi nalisakaniza ndi ena 99, ndipo kawirikawiri amabwereza motero maulendo 30. Akatswiri a sayansi amatiuza kuti akapitirira maulendo 12, m'botolo simutsala ngakhale kadontho ka mankhwala oyamba aja. Tiyerekeze mai amene wathira kambeu kamodzi ka mcere m'Nyanja ya Malawi, natunga madziwo kuti akoleretse ndiwo. Mu 2015 bungwe la Boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, NHMRC, linapeza kuti palibe matenda ngakhale amodzi amene pali umboni wodalirika wakuti homeopathy imawaciritsa. Mu 2009 akuluakulu a WHO anali atacenjeza kale kuti anthu asadalire njirayi pa malungo, cifuwa cacikulu, HIV ndi kutsegula m'mimba kwa makanda. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga n'cifukwa ciani anthu ambiri, ndi ophunzira omwe, amati anathandizidwa? Coyamba, matenda ambiri ang'onoang'ono amatha okha. Caciwiri, wopereka mankhwalawo amakhala pansi ndi wodwala nthawi yaitali, kumufunsa za tulo, za kudya ndi za nkhawa zake. Munthu womveredwa mtima wake umagwa pansi, ndipo ululu umapepuka. Ici sicacilendo kwa ife Acewa. Ndico cimene ambuye athu anali kucita pa mphasa, popanda botolo ndi popanda malipiro.

Tisaganize kuti mitengo ilibe mphamvu. Kwinini anacokera ku khungwa lomwe lija la cinchona. Coartem amene timalandira ku cipatala ali ndi mankhwala ocokera ku citsamba ca ku China, cimene mai Tu Youyou anacifufuza, nalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kusiyana kwake ndi kwakuti mankhwala amenewa anayesedwa, ndipo muyeso wake udziwika. Mtengo umene uciritsa ungathenso kupha, monga tikumbukira za mwabvi umene unatha anthu osalakwa m'midzi yathu.

Tsono pempho lathu ndi ili. Mwana akatentha thupi, apite kukapimidwa magazi tsiku lomwelo, pakuti malungo sayembekeza kuti mlandu wa pamudzi uyambe watha. Munthu akatsokomola milungu iwiri, naonda, natuluka thukuta usiku, tisafulumire kunena kuti ndi mdulo. Cifuwa cacikulu cimacira ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo m'zipatala za Boma ndi aulere. Amene ali pa ma ARV asawasiye cifukwa ca madontho, mizu kapena mau a munthu aliyense. Koma pamene thupi lili m'manja mwa dotolo, ife abale tisaiwale gawo lathu: kukazonda, kuyanjanitsa odana, kupemphera monga mwa cipembedzo ca aliyense, ndi kuchera khutu.

Potsiriza, mau kwa anzathu opuma pa nchito. Mitengo imene makolo anali kukumbako mankhwala ili kutha ndi makala ndi maceka. Mukula anaudula kwambiri kotero kuti mu 2019 unalowa pa mndandanda wa CITES wa mitengo imene malonda ake ayenera kuyang'aniridwa. M'midzi yambiri mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha, kumene nkhwangwa imaopa mizimu. Kodi si camanyazi kuti akufa ndiwo asunga nkhalango, ife amoyo tili kuiotha?

Nchito yotayitsa nthawi imene tiikonda ife ndi kutola njere za mlombwa, muwanga, msambamfumu, mvunguti ndi mpoza, ndi kuzifesa m'mapepala a pulasitiki kuseri kwa nyumba. Siifuna ndalama, ifuna madzi ndi kuleza mtima. Pambali pake timasunga kope m'mene timalemba dzina la mtengo uliwonse m'Cicewa, kumene umamera, ndi zimene akulu amanena za iwo. Nkhalamba imodzi ikagona, maina ambiri amapita nayo. Adzukulu athu amene adzaphunzira za mankhwala ku mayunivesite adzafuna maina amenewo kuti ayese mitengoyo, alekanitse yociritsa ndi yongowawa pakamwa. Aliyense wa ife atabzala mitengo 10 dzinja likudzali, nalemba maina ake, tidzakhala tawasiyira poyambira. Mau a akulu akoma akagonera.

Cauta asunge Kalonga wathu, asunge mafumu ndi mbumba yonse, ndipo akuyendetseni bwino pobwerera kwanu.