Njuchi Zabwerera M'mango, Sipuleya Idikire Madzulo

Amayi ndi abambo, ndisanayambe, tangokhalani chete pang'ono mumvetsere pamwamba pa mtengo wa mango takhalawu. Mwamva kulirako? Mu Juni ndi Julayi, mwera uli pachimake, asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka akuopa kulowa pamadzi, njuchi nazonso zimachedwa kutuluka m'mawa chifukwa cha chisanu. Lero Ogasiti wafika, mango achita maluwa, zatuluka zonse.

Sizikungodya ayi. Zikamayamwa timadzi ta m'duwa, mungu umakakamira paubweya wawo, n'kukautaya paduwa lina. Duwa likapanda kuulandira limangoyoyoka. Pitani kudimba mawa mukaone maungu. Duwa lalimuna lili pakamtengo kowonda, lalikazi lili ndi kadzungu kunsi kwake. Onsewo amatseguka m'mamawa, pofika masana afota. Njuchi ikapanda kufika m'maola amenewo, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa, inu n'kumati mbewu ya chaka chino njachabe.

Ndiye pali bemberezi, wakuda uja woboola mapaso a khonde. Ndikudziwa a Phiri akuseka, wawagwetsera utuchi m'mbale kangapo. Koma muoneni pamaluwa a nandolo ndi magalagadeya. Duwa la tomato amaligwira n'kulinjenjemeretsa mpaka mungu kutuluka, ntchito imene njuchi ya uchi siitha. Wamwamuna saluma n'komwe. Ana asamamuphe. Muikireni chipika chouma kuseri kwa nkhokwe aziboola chimenecho.

Chimene chandibweretsa ndi ichi. Sabata yatha ndinapeza mnyamata akupopera cypermethrin m'dimba 8 koloko m'mawa, maluwa ali yasa, njuchi zili mbwee. Mankhwala amenewa, ngakhale dimethoate, sasankha kuti iyi ndi mbozi, iyi ndi njuchi. Ngati kupopera kuli kofunikadi, dikirani dzuwa lipendeke, njuchi zitabwerera kwawo, mphepo itadekha. Mango amene ali m'maluwa musawapopere.

Amene muli ndi ming'oma yopanda kanthu, itsukeni sabata ino, muipake phula, muipachike pamthunzi, pakuti magulu a njuchi ayamba kusamuka posachedwa. Lambulani udzu pansi pake, moto wa osaka mbewa suchedwa. Pafupi pake ikani beseni lamadzi, muponyemo timitengo zizitera, zisamavutitse amayi pamjigo.

Mayi kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.